Za Kusankha Galasi Loonera Nyenyezi

1. Thambo la kwathu

Ananu, tulukani pabwalo usiku wina nyengo ya chisanu, moto utazima ndi mwezi usanatuluke, ndipo mukweze maso anu. Mudzaona nyenyezi zochuluka, ndi Mlalang'amba utapingasa thambo lonse monga njira yothira phulusa. Anthu okhala m'mizinda yaikulu saziona izi, pakuti nyali za magetsi zawaphimbira thambo. Ena a iwo ayenda ulendo wautali kukafuna mdima umene inu muupeza kuseri kwa nkhokwe osalipa kanthu.

Makolo athu anazidziwa nyenyezi, nazitcha zina maina. Iri yowala ya m'bandakucha anaitcha Nthanda. Kagulu kaja kothithikana anakatcha Nsangwe. Ndi zitatu zija zondandalikana anaziti Akamwiniatsatana. Zonsezi anaziona ndi maso okha. Koma munthu wa maso abwino, ngakhale usiku wamdima ndithu, aona nyenyezi ngati 2,000 kapena 3,000 pa nthawi imodzi. Zotsalazo nzosawerengeka, ndipo zabisika chifukwa kuunika kwake nkochepa. Chipangizo chotionetsa zobisikazo chitchedwa telesikopu, ndiko kunena choonera kutali.

Kapena tsiku lina mmodzi wa inu, kapena sukulu yanu, mudzafuna kugula telesikopu. Matelesikopu alipo a mitundu ingapo, ndipo mtengo wake suli wochepa. Anthu ambiri agula mosafunsa, ayesa masiku atatu osaona kanthu, naikankhira pansi pa kama. Ndalama zapita, ndi chidwi chomwe chatha. Akulu anati, Safunsa anadya phula. Tiyeni tsono tifunse tisanagule.

2. Nchito yake yeniyeni

Mukafunsa munthu kuti, Kodi telesikopu igwira nchito yanji? adzayankha kuti, Ikuza zinthu. Mau awa ngoona, koma sanathe. Nchito yake yoyamba ndiyo kusonkhanitsa kuunika.

Taganizani za mvula. Mvula ikamagwa, mwana wina atchera botolo pabwalo, ndi mnzake atchera nkhali ya kukamwa kwakukulu. Mvula ndi yomweyo, koma adzapeza madzi ambiri ndani? Ndi mwini nkhali. Kuunika kwa nyenyezi kutigwera monga mvula yowaza, ndipo diso lathu liri ngati botolo lija. Kuunika kulowa pa kamwana ka m'diso, kabowo kakuda kaja ka pakati, kamene mumdima katseguka kufikira mamilimita 7 okha. Telesikopu ndiyo nkhali. Ilandira kuunika kwambiri, nikuthira konse m'kabowo kameneko.

Tamvani masamu ake. Telesikopu imene kukamwa kwake kuli mamilimita 70 iposa diso m'mimba mwake ka 10, koma kuunika kumene isonkhanitsa kuposa kwa diso ka 100. Ya mamilimita 140 isonkhanitsa ka 400. Lamulo lake ndi ili: mukakuza kukamwa kawiri, kuunika kuchuluka kanayi. Ndiponso kukamwa kwakukulu kusiyanitsa tinthu ting'onoting'ono toyandikana, timene kukamwa kwakung'ono kungatione ngati chinthu chimodzi.

Chifukwa chake funso loyamba la wogula wanzeru ndi ili: Kodi kukamwa kwake kuli mamilimita angati?

3. Telesikopu ya mandala

Mtundu woyamba ndiwo umene ambiri a inu mwauona pa zithunzi: mpope wautali, kutsogolo kwake kuli galasi loonekera, lokhuthala pakati ndi lopyapyala m'mphepete. Galasi lotere tilitcha mandala. Kuunika kukapyola m'mandala kupindika, nikukomana pa malo amodzi kumbuyo kwa mpope. Pamenepo pali kagalasi kena kakang'ono koikapo diso, ndipo nchito yake ndiyo kukuza chithunzicho.

M'chaka cha 1608 Hans Lippershey, wopanga magalasi a maso ku Middelburg m'dziko la Holland, anaonetsa akulu a boma chipangizo chotere. Mbiri yake inafika ku Italy, ndipo m'chaka cha 1609 Galileo Galilei anadzipangira yake, nailozetsa kumwamba. Anaona kuti mwezi suli wosalala, koma uli ndi mapiri ndi maenje. Mu Januwale 1610 anapeza timiyezi tinayi tozungulira pulaneti ya Jupiter. Anaonanso kuti Mlalang'amba ndiwo nyenyezi zosawerengeka zothithikana. Koma kukamwa kwa telesikopu yake sikunafike mamilimita 40, ndipo inakuza zinthu ngati ka 20 kokha.

Ubwino wa mtundu uwu ndi wakuti ngwolimba ndi wosavuta. Mpope wake ngwotseka konsekonse, kotero kuti fumbi sililowa, ndipo mandala sasuntha pa malo ake. Muitulutsa, muiloza, nimuona. Ionetsa bwino mwezi ndi mapulaneti, ndipo masana mukhoza kuonera nayo mbalame ndi mapiri.

Zovuta zake nziwiri. Choyamba, mandala agawa kuunika m'mitundu monga ya utawaleza, kotero kuti chinthu chowala chioneka ndi mkombero wofiira kapena wobiriwira. Amisiri anachepetsa vuto ili pophatikiza magalasi awiri osiyana mtundu, ndipo John Dollond wa ku London anayamba kugulitsa mandala otere cha m'ma 1758; koma ya mtengo wochepa ikali nalo pang'ono. Chachiwiri, mandala aakulu ngodula ndi olemera, ndipo agwiridwa m'mphepete mokha. Telesikopu ya ku Yerkes ku America, yomangidwa m'chaka cha 1897, iri ndi mandala a masentimita 102, ndipo chiyambire pamenepo akatswiri ofuna zazikulu anatembenukira ku mtundu wachiwiri. Kwa woyamba kumene, ya mandala a mamilimita 70 kufikira 90 ndiyo yoyenera.

4. Telesikopu ya kalirole

M'chaka cha 1668 Isaac Newton wa ku England anapanga telesikopu ya njira ina. M'malo mwa mandala anaika kalirole pansi pa mpope, wolowa pakati monga mbale. Kuunika kulowa pa mpope wotseguka, kugunda kaliroleyo, nikubwerera m'mwamba kulikusonkhana. Pafupi ndi kukamwa pali kakalirole kena kopendeka, kamene katulutsa kuunikako cham'mbali. Chifukwa chake woonera telesikopu ya Newton aika diso lake m'nthiti mwa mpope, osati kumbuyo. Kalirole sagawa kuunika m'mitundu, motero mkombero wa utawaleza uja suoneka.

Akalirole a masiku amenewo anali a mkuwa wosakaniza ndi chitsulo china, ndipo anali kuda msanga. A lero ngagalasi lopakidwa aluminiyamu wopyapyala. Kalirole asulidwa mbali imodzi yokha, ndipo achirikizidwa kumbuyo konse; ndicho chifukwa chake wamkulu sadula monga mandala aakulu. Ndi ndalama zogulira mandala aang'ono mukhoza kupeza kalirole woposa kutali. Matelesikopu onse aakulu a lero ngakalirole. Ya ku Sutherland ku South Africa, yotchedwa SALT, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2005, iri ndi akalirole 91 olumikizana, a mamita ngati 11 m'mimba mwake onse pamodzi.

Musaganize kuti mtundu uwu ngwa akatswiri okha. William Herschel anali woimba nyimbo mu mzinda wa Bath ku England, ndipo nyenyezi anali kuziona nthawi yopuma. Anadzisulira yekha akalirole, mlongo wake Caroline alikumthandiza. Pa 13 Malichi 1781, ali kuseri kwa nyumba yake ndi kalirole wa mamilimita ngati 160, anapeza pulaneti imene lero tiitcha Uranus. Caroline nayenso anapeza nyenyezi za mchira 8.

M'zaka za m'ma 1960 John Dobson wa ku San Francisco anaonetsa anthu njira yopangira telesikopu yaikulu ndi zinthu zotsika mtengo: mpope wa makatoni olimba, matabwa, ndi magalasi a mazenera a zombo zakale. Mpopewo anaukhazika m'bokosi la matabwa lokhala pansi, lotembenuka uku ndi uku, ndipo mpope ukwera ndi kutsika pokankha ndi dzanja. Anali kuiimika m'mbali mwa mseu kuti odutsa aonereko mwezi. Kufikira lero telesikopu yotere itchedwa ndi dzina lake, ndipo ya mamilimita 150 kapena 200 ndiyo ipatsa kuunika kochuluka pa ndalama zochepa.

Koma nayo iri ndi zovuta zake. Njaikulu ndi yolemera. Mpope wake ngwotseguka, motero fumbi ndi akangaude alowamo. Akalirole ake asuntha pang'ono ikagwedezeka pa ulendo, ndipo mwini wake ayenera kuphunzira kuwalunjikanso potembenuza tizitsulo ta kumbuyo. Nchito imeneyi siivuta munthu akaizolowera, koma waulesi adzaona zinthu zosaoneka bwino.

5. Mitundu ina iwiri

Mtundu wachitatu uphatikiza mandala ndi kalirole mu mpope umodzi. Bernhard Schmidt, mmisiri wa dzanja limodzi wogwira nchito ku Hamburg, anapeza njira yake m'chaka cha 1930, ndi Dmitri Maksutov wa ku Russia anapeza ina m'chaka cha 1941. M'matelesikopu a lero a mtundu uwu kuunika kupita ndi kubwerera m'kati, kotero kuti mpope ukhala waufupi, wotseka ndi wosavuta kunyamula. Ionetsa bwino mapulaneti, koma mtengo wake ngwokwera. Yambiri iri ndi kompyuta yolozetsa yokha nyenyezi, ndipo imeneyi ifuna magetsi kapena mabatire. Mabatire akatha pakati pa usiku, mwini wake wosadziwa thambo asowa chochita.

Mtundu wachinayi anthu aupeputsa, koma ndiwo woyenera kuyamba nao. Ndiwo magalasi a maso awiri, amene oyang'anira nyama zakuthengo anyamula pakhosi. Ali matelesikopu awiri aang'ono olumikizana. Pa iwo palembedwa manambala awiri, monga 7x50 kapena 10x50. Nambala yoyamba inena za kukuza, ndi yachiwiri inena za kukamwa m'mamilimita. Galasi la mamilimita 50 lisonkhanitsa kuunika koposa diso ngati ka 50, ndipo liposa kukamwa kwa telesikopu ya Galileo. Magalasi amenewa aonetsa dera lalikulu la thambo nthawi imodzi, motero chinthu sichivuta kuchipeza. Mukawatsamiritsa pa mpanda kapena pa mphanda ya mtengo kuti asagwedezeke, mudzaona maenje aakulu a mwezi, timiyezi ta Jupiter, ndi nyenyezi zambiri mu Nsangwe m'mene maso aona zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri.

6. Chinyengo cha pa katoni

M'masitolo ena mudzapeza telesikopu yaing'ono yonyezimira, ndi pa katoni pake palembedwa ndi zilembo zazikulu kuti ikuza ka 500 kapena ka 600. Pambali pajambulidwa mapulaneti aakulu a maonekedwe okongola. Chenjerani nayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kukuza sikuchokera kukamwa, koma ku kagalasi koikapo diso, ndipo kagalasi kameneka kachotsedwa ndi kuikapo kena. Pa telesikopu iri yonse palembedwa utali wa njira imene kuunika kuyenda kusanakomane pamodzi, ndi pa kagalasi ka diso palembedwanso nambala yake. Gawani nambala yaikulu ndi yaing'ono, ndipo mudzapeza kukuza. Ngati pa telesikopu palembedwa mamilimita 900, ndi pa kagalasi mamilimita 25, ikuza ka 36. Mukaikapo ka mamilimita 10, ikuza ka 90. Motero telesikopu iri yonse, ngakhale yachabe, ikhoza kukuza ka 500. Koma mudzaona chiani?

Taganizani za phala la m'chikho chimodzi. Mukalithira madzi kuti lidzaze mphika, lichuluka ndithu, koma silikhalanso phala. Momwemo kuunika kochepa kukatambasulidwa kopitirira muyeso, chithunzi chikula, koma chichita mdima ndi kusaoneka bwino. Odziwa asunga lamulo ili: kukuza kusapitirire kawiri nambala ya mamilimita a kukamwa. Ya mamilimita 60 ilekeze pa 120, ndi ya mamilimita 150 ilekeze pa 300. Ndiponso mpweya wa pamwamba pathu ugwedezeka, monga muona pamwamba pa moto kapena pa mseu masana a dzuwa, ndipo masiku ambiri sulola kukuza kotere. Zinthu zambiri zokoma zioneka pa kukuza ka 30 kufikira ka 100.

Tsono wogulitsa akatama kukuza, osanena za kukamwa, dziwani kuti pali chimene alikubisa.

7. Za miyendo yake

Mphika ngakhale ukhale wabwino, mafuwa akapendeka nsima siipsa. Telesikopu nayo ifuna chokhalira cholimba. Ikakuza nyenyezi ka 100, ikuzanso kugwedezeka konse ka 100. Pa miyendo yopyapyala, kamphepo pang'ono kapena kukhudza ndi chala kuvinitsa nyenyezi, ndipo diso silingaigwire. Matelesikopu ambiri otayidwa anatayidwa chifukwa cha miyendo, magalasi ake ali abwino.

Musanagule, iimikeni, muyang'aniremo chinthu chakutali, nimugogode mpope pang'ono ndi chala. Chithunzi chikakhazikika musanawerenge kufikira 3, miyendo njabwino. Chikapitirira kuvina, isiyeni.

Kumbukiraninso kuti dziko lathu lizungulira kosaleka, kuchokera kumadzulo kunka kum'mawa. Chifukwa chake nyenyezi imene mwaiika pakati pa galasi iyenda pang'onopang'ono, nituluka. Mukakuza kwambiri ituluka msanga. Muyenera kuitsata pokankha mpope, ndipo mpopewo uziyenda mofewa, osalumpha. Zokhalira ziripo za mitundu iwiri. China chiyenda m'mwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere, monga bokosi la Dobson, ndipo mwana aliyense achidziwa tsiku lomwelo. China chipendeka molingana ndi kuzungulira kwa dziko, ndipo chitsata nyenyezi potembenuza kachitsulo kamodzi. Koma chifuna kulunjikidwa bwino usiku uli wonse, ndipo woyamba kumene chimsokoneza. Yambani ndi chosavutacho.

8. Nanga tisankhe iti?

Palibe telesikopu imodzi yoyenera anthu onse. Dzifunseni mafunso awa. Kodi ndifuna kuona chiani? Adzainyamula ndani? Idzasungidwa kuti? Ndiri ndi ndalama zingati?

Ngati ndalama nzochepa, gulani magalasi a maso awiri abwino. Aposa telesikopu yachabe ya mtengo womwewo.

Ngati mufuna mwezi ndi mapulaneti, ndi chinthu chopepuka chonyamula pa njinga, chosafuna kukonzakonza, sankhani ya mandala a mamilimita 70 kufikira 90, pa miyendo yolimba.

Ngati mufuna kuona zofooka zakutali, ndipo muli ndi chipinda chouma chosungiramo ndi anzanu onyamula nao, sankhani ya kalirole ya mamilimita 150 kapena 200 m'bokosi la Dobson. Kwa sukulu ya kumudzi kumene thambo liri lakuda, imeneyi ndiyo yopambana. Mutu umodzi susenza denga. Chimene banja limodzi silingagule, mudzi ukhoza kusonkherana.

Telesikopu yaikulu yogona m'nyumba chifukwa cha kulemera ilephera kwa yaing'ono yotuluka usiku ndi usiku. M'zaka za 1751 ndi 1752 Nicolas-Louis de Lacaille wa ku France anakhala ku Cape Town ndi katelesikopu ka kukamwa kwa mamilimita ngati 13, kochepa ngati chala. Ndi kameneko analemba malo a nyenyezi za kumwera pafupifupi 10,000, natcha maina magulu 14 a nyenyezi. Gulu limodzi analitcha Telescopium, polemekeza chipangizochi. Ndipo mu Julaye 1995 Thomas Bopp wa ku America, amene analibe telesikopu yakeyake, anapeza nyenyezi ya mchira yaikulu alikuonera m'telesikopu ya mnzake. Usiku womwewo Alan Hale anaionanso kwina, ndipo itchedwa Hale-Bopp. Motero mukamva kuti wina ali nayo, mpempheni muonereko, kuti mudziwe chimene mulikugula.

Mukaigula isungeni pouma, yovundikira, pakuti chinyezi cha dzinja chimeretsa chuku pa magalasi. Musakhudze galasi ndi chala, ndipo musalipukute ndi malaya. Fumbi pang'ono siliononga kanthu, koma kukanda sikuchoka.

9. Chenjezo lalikulu

Ananu, ngakhale muiwale zina zonse, ichi chokha musaiwale. Musayang'ane dzuwa m'telesikopu kapena m'magalasi a maso awiri, ngakhale kamphindi.

Ena a inu mwaona munthu alikuyatsa udzu wouma ndi galasi masana. Galasi lisonkhanitsa kutentha kwa dzuwa pa kadontho kamodzi, ndipo udzu ufuka. Telesikopu ichita chomwecho m'kati mwa diso, ndi mphamvu yoposa. M'kati mwa diso simumva kupweteka pakupsa, motero munthu sazindikira kufikira diso litaonongeka, ndipo palibe mankhwala olibwezera. Matelesikopu ena otsika mtengo adza ndi kagalasi kakuda koika pafupi ndi diso, kolembedwa kuti nka dzuwa. Katayeni, pakuti kakhoza kusweka ndi kutentha diso liri pomwepo. Masana telesikopu ikhale yovundikira, ndipo musaisiye pabwalo pamene pali ang'ono anu.

10. Usiku woyamba

Nyengo yabwino kwathu kuno ndiyo mvula itatha, miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye, utsi wa lupsa ndi fumbi zisanadzaze thambo. Tulutsani telesikopu kusanade kuti izizire pamodzi ndi mpweya wa kunja. Khalani kutali ndi moto ndi nyali, pakuti diso lifuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala kwa foni kuononga zonsezo nthawi yomweyo. Yambani ndi kukuza kochepa. Mukaona zinthu zitazondoka musadandaule; matelesikopu ambiri achita chomwecho, ndipo kuthambo kulibe kumutu kapena kumiyendo.

Yambani ndi mwezi, umene uli pa mtunda wa makilomita ngati 384,000. Musadikire kuti ukhale wathunthu. Ukakhala theka, mapiri ndi maenje ake aponya mithunzi yaitali pa malire a kuwala ndi mdima, ndipo pamenepo ndipo pokoma. Nthanda, imene ndiyo pulaneti ya Venus, mudzaiona isintha maonekedwe monga mwezi. Jupiter mudzamuona ndi timiyezi take tinayi, tosintha malo usiku ndi usiku, monga anationa Galileo. Saturn ali ndi mphete yomzinga, yooneka pa kukuza ka 30 kapena 50. Zaka zina, monga 2025, mpheteyo itilozetsa mphepete yake, nioneka ngati kamzere.

Tembenukirani kumwera, kumene kuli nyenyezi zinayi za Mtanda wa Kumwera, ndi ziwiri zowala zoulozera. Yowala koposa mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri. Maso aiona imodzi, koma telesikopu yaing'ono ionetsa kuti ziripo ziwiri, ndipo kuunika kwake kuyenda zaka zoposa 4 kusanatifike. Chapafupi pali kamtambo kozungulira kotchedwa Omega Centauri, kamene kali nyenyezi mamiliyoni zothithikana. Mu Novembala ndi Disembala, mitambo ya mvula ikang'ambika, funani kumwera timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo; ndiyo Mitambo ya Magellan, magulu aakulu a nyenyezi okhala kunja kwa Mlalang'amba. Anthu a ku Ulaya saziona izi kwao. Ndipo pafupi ndi Akamwiniatsatana pali mtambo wowala m'mene nyenyezi zatsopano zirikubadwa.

Musayembekeze maonekedwe ofiira ndi obiriwira monga a pa zithunzi za m'mabuku, pakuti zimenezo zijambulidwa ndi makina osonkhanitsa kuunika nthawi yaitali. Kwa diso mitambo imeneyi ioneka yotuwa ngati utsi. Poyamba mudzati, Sindiona kanthu. Khalani chete, yang'anitsitsani, ndipo pang'onopang'ono zobisika zidzayamba kuoneka. Jambulani m'kope chimene mwaona, nimulembe tsiku lake. Mwezi wamawa mudzaona zoposa za lero, telesikopu iri yomweyo. Akulu anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo wina akati, Ine ndiribe ndalama, asataye mtima. Ayambe usiku uno ndi maso ake, afunse agogo ake maina a nyenyezi, naphunzire nyengo imene zituluka ndi kulowa. Wodziwa thambo ndi maso, tsiku limene adzagwira telesikopu adzadziwa koilozetsa.

Mafunso

1. Kodi nchito yoyamba ya telesikopu ndi yotani?
2. Telesikopu ya mamilimita 140 isonkhanitsa kuunika koposa ya mamilimita 70 kangati?
3. Tchulani ubwino umodzi ndi vuto limodzi la telesikopu ya mandala, ndiponso la ya kalirole.
4. Pa telesikopu palembedwa mamilimita 1,200, ndi pa kagalasi ka diso mamilimita 20. Ikuza kangati?
5. Manambala awa 10x50 atanthauza chiani?
6. Mungayese bwanji miyendo ya telesikopu musanagule?
7. Chifukwa ninji sitiyenera kuyang'ana dzuwa m'telesikopu?
8. Funsani akulu a m'mudzi mwanu maina a nyenyezi amene awadziwa, nimuwalembe m'kope mwanu.